Gombeza la Manja Athu

Mwezi wa Juni ukangolowa, mphepo ya chiperoni imatsika kuchokera ku mapiri a ku Mozambique nkukuta Mulanje, Thyolo ndi Blantyre ndi nkhungu ndiponso mvula yowaza. Ku Dedza, ku Ntcheu ndi pa Viphya madzi a mumtsuko amachita kuluma mano m'mawa. Nyengo imeneyi ndiyo imaulula za pakhomo. Pali mabanja amene aliyense ali ndi chofunda chake, ndipo palinso mabanja amene ana anayi amapanikizana pansi pa chitenje chimodzi, kapena kugona chafufumimba m'mbali mwa moto kudikira kuti kunja kuche.

Pamsika uliwonse nyengo ino mabulangete ali mbwee, ena atsopano ochokera kunja, ena a pakaunjika amene adafundidwapo kale ndi anthu a kutsidya kwa nyanja. Timagula mokondwa, ndipo kugulako kulibe mlandu. Chodabwitsa nchakuti dziko lathu limalima thonje ku Chikwawa, Nsanje, Balaka, Salima ndi Karonga, koma mwa ana amene amatsiriza Fomu 4 chaka ndi chaka ndi owerengeka okha amene adaonapo ndi maso awo m'mene thonje lisandukira ulusi, ndi m'mene ulusi usandukira nsalu. Ambiri amayesa kuti nzeru yowomba nsalu idadza ndi Azungu pamodzi ndi sitima ya pamtunda. M'gawo lino la nkhani zathu za ntchito zamanja tiona kuti maganizo amenewa ngolakwika, ndipo tikambirana za maluso awiri apachibale: kuwomba gombeza pa chowombera nsalu ndi kuluka zovala ndi singano.

Makolo athu ankawomba nsalu

Tiyambe ndi umboni wa pansi pa nthaka. M'chaka cha 1960 anthu amene ankakumba pa chitunda cha Ingombe Ilede, kufupi ndi mtsinje wa Zambezi m'dziko la Zambia, adapeza manda a anthu olemera amene adaikidwa zaka zoposa 400 zapitazo. Pamodzi ndi mikanda ya golide ndi zibangili za mkuwa padapezekanso zidutswa za nsalu ya thonje. Pamalo omwewo padalinso timapale tobulungira toboola pakati, tomwe opota thonje ankaveka ku mtengo wopotera kuti uzizungulira bwino. Timapale totere tapezekanso ku mabwinja a Great Zimbabwe.

Apwitikizi atakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1500 adapeza malonda a nsalu yotchedwa machila ali m'chimake. Nsaluyi inkawombedwa ndi anthu a m'chigwa cha Zambezi ndi cha Shire, ndipo inkagulidwa mpaka ku dziko la Mwenemutapa. Idali yolimba kotero kuti ankaimangirira ku mtengo nkunyamuliramo munthu. Nchifukwa chake chonyamulira wodwala timachitcha machila mpaka lero, ngakhale ambiri a ife sitidziwa kuti dzinalo lidayamba ndi nsalu.

David Livingstone adakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859. Mkulu ameneyu thonje ankalidziwa bwino, pakuti adayamba ntchito m'fakitale yopota thonje ku Blantyre wa ku Scotland ali ndi zaka 10 zokha, ndipo ntchito yake idali yolumikiza ulusi ukaduka pa makina. M'buku la ulendo wake, lomwe lidatuluka m'chaka cha 1865, adafotokoza kuti pakati pa Amang'anja pafupifupi banja lililonse lidali ndi kamunda ka thonje, ndi kuti m'midzi yambiri adapeza anthu akuchotsa njere, akupota ndiponso akuwomba. Adatchulanso mitundu iwiri ya thonje. Woyamba udali thonje manga, lochokera kunja, la ulusi wabwino kwambiri. Wachiwiri udali thonje kaja, la konkuno, lalifupi ndi lomveka ngati ubweya poligwira, lomwe ambiri mwa eni dziko ankalikonda koposa chifukwa nsalu yake inkalimba.

Anyamata a masiku ano amene amati ulusi ndi singano nza akazi amvetsetse pamenepa. Kwa Amang'anja kupota ndi kuwomba idali ntchito ya amuna, makamaka achikulire. Bambo ankayala thonje pa thabwa nkumaligubuduza ndi kachitsulo kuti njere zituluke. Atatero ankalifutukula ndi kauta kakang'ono kuti lifewe, kenaka nkulipota ndi kamtengo kozungulira. Dzina loti njinga, lomwe lero tikulidziwa ngati la chokwera cha matayala awiri, kale lidali la chopotera thonje chimenechi. Munthu wotere palibe adamuseka pabwalo, pakuti ndiye ankaveka mudzi.

M'mene chowombera chigwirira ntchito

Nsalu iliyonse yowomba, kaya ndi ya m'fakitale kaya ndi ya pamudzi, ili ndi magulu awiri a ulusi. Pali ulusi woyalidwa m'litali, wokokedwa kuti nga, ndipo pali ulusi wopingasa umene umadutsa pamwamba pa ulusi umodzi, pansi pa unzake, pamwamba pa wachitatu, motero mpaka kumapeto. Omasulira Baibulo lakale la Chinyanja adatisungira mayina a magulu awiriwa: woyalidwa uja ndi muyalo, ndipo wopingasawo ndi mtsendero. Mayinawa amadzifotokoza okha, chifukwa wina amauyala pamene winayo amautsendera.

Chowombera cha makolo chidali chapansi. Ankakhoma zikhomo zinayi m'nthaka, nkumangapo mitanda iwiri, wina kuno wina uko, ndipo muyalo unkakokedwa pakati pa mitandayo. Vuto lalikulu la wowomba aliyense ndi ili: kunyamula ulusi umodziumodzi ndi zala kungathe chaka nsalu isadafike pena paliponse. Makolo adalithetsa motere. Ankatenga ulusi woyamba, wachitatu, wachisanu ndi ena otero nkuwamangirira ndi tizingwe ku ndodo imodzi. Ndodoyo ikakwezedwa, theka la muyalo limakwera nthawi imodzi, ndipo pakati pamatseguka mpata wodutsitsamo kamtengo kokulungapo mtsendero. Theka linalo limakwezedwa ndi thabwa lopyapyala lolowetsedwa pakati pa ulusi. Mtsendero ukadutsa, wowomba amaukankha ndi thabwa losalala kuti ugundane ndi unzake, nkusintha mpata, nkuudutsitsanso pobwerera.

Zowombera za masiku ano zoponda ndi mapazi, zomwe mmisiri wa matabwa aliyense waluso angathe kukhoma ataona chithunzi chake, zimatsata nzeru yomweyi. Kusiyana kwake nkwakuti phazi ndilo limakweza muyalo, ndipo manja amatsala ndi ntchito yoponya mtsendero ndi kutsendera. Wophunzira amalakwa kawirikawiri pa zinthu ziwiri. Akakoka mtsendero mwamphamvu, nsalu imanka niwonda m'mbali ngati chiuno cha mavu. Akayala muyalo mosalingana, wina wothina wina wolobodoka, nsalu imatuluka ya mafunde ndipo palibe simbi yomwe ingaiwongole. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo tsiku lomwe wowomba amathera pa kuyala ulusi ndilo limalamula kukongola kwa gombeza lonse.

Chidagwetsa lusoli nchiyani?

Zifukwa zilipo zingapo, ndipo choyamba chidachokera kutali. Ku Britain, John Kay adapanga choponyera mtsendero chothamanga m'chaka cha 1733, James Hargreaves adapanga makina opota ulusi wambiri nthawi imodzi m'zaka za m'ma 1760, ndipo Edmund Cartwright adapanga makina owomba nsalu m'chaka cha 1785. Pasadathe zaka 100, nsalu ya m'mafakitale a ku Manchester, ku India ndi ku America idali ikulowa m'kati mwa Africa kudzera ku Zanzibar ndi ku Quelimane. Idali yopepuka, ya maonekedwe osiyanasiyana ndiponso yosavuta kupeza. Nsalu yomwe bambo wa ku Chikwawa ankathera masabata akuipota ndi kuiwomba, makina ankaitulutsa mosakhalitsa.

Chachiwiri chidali chipwirikiti cha kuno komwe. Nkhondo za ogula akapolo ndi njala yoopsa ya 1862 ndi 1863 zidapasula midzi yambiri ya m'chigwa cha Shire, ndipo luso lomwe limakhala m'manja mwa okalamba limafa msanga okalambawo akatha. Chachitatu chidadza ndi boma la atsamunda lomwe lidakhazikika m'chaka cha 1891. Msonkho wa nyumba udafuna ndalama, ndipo thonje lidasanduka mbewu yogulitsa. Mlimi adayamba kugulitsa thonje lake lonse kuti likapotedwe kunja, iye nkukagula nsalu kusitolo kwa Mandala kapena kwa Mmwenye.

Titalandira ufulu, fakitale ya David Whitehead and Sons idatsegulidwa mu Blantyre m'chaka cha 1967, ndipo kwa zaka zambiri idaveka Amalawi zitenje ndi nsalu za yunifomu zochokera ku thonje lathu lomwe. Idagulitsidwa kwa a Mapeto m'chaka cha 2003, pa nthawi yomwe kaunjika adali atadzaza kale misika. Chowombera cha manja sichidazimirire chonse ayi. Ku Bangwe, bungwe loona za anthu a ulumali, lomwe kwa zaka zambiri lidadziwika ndi dzina loti MACOHA, lidatsegula fakitale momwe amuna ndi akazi osaona, osamva ndi ena a ulumali wa ziwalo adaphunzira kuwomba zoyala pansi, nsalu za patebulo ndi zikwama. Anthu amene ena ankawayesa osathandiza ndiwo adasunga luso lomwe alunga adalitaya.

Masamu a gombeza

Wofuna kuwomba gombeza ayambe ndi pensulo ndi pepala. Tiyerekeze kuti mukufuna gombeza la masentimita 150 m'lifupi ndi 200 m'litali, ndipo ulusi wanu ngwonenepa moti pa sentimita imodzi pakukwana ulusi unayi. Muyalo wanu ukhala ndi ulusi 600. Uliwonse uyenera kutalika mamita awiri ndi theka, chifukwa mbali ina imathera pomanga ku mitanda. Pamenepo mwatha kale mamita 1,500. Mtsendero udutsa maulendo 800, ulendo uliwonse mita imodzi ndi theka, ndiye kuti mamita 1,200. Mukaonjezera pang'ono chifukwa chakuti ulusi umapindika pokwera ndi potsika, mupeza kuti gombeza limodzi limadya ulusi wotalika pafupifupi makilomita atatu. Wogula ulusi asadachite masamu amenewa amatsala panjira gombeza lili pakati, ndipo ulusi wokagula kachiwiri kawirikawiri sufanana mtundu ndi woyamba uja.

Amene chowombera chake nchaching'ono asataye mtima. Angathe kuwomba zigawo zitatu za masentimita 50 chilichonse nkuzisokerera pamodzi. Nsalu ya kente ya ku Ghana, yomwe mafumu amavala, imapangidwa ndi timizere ta masentimita pafupifupi 10, towombedwa patokhapatokha nkulumikizidwa bwino lomwe.

Ulusi nawo uli ndi makhalidwe ake. Chimene chimatenthetsa munthu m'gombeza ndi mpweya umene umatsekeredwa pakati pa ulusi, pakuti mpweya wokhazikika sulola kutentha kwa thupi kuthawa msanga. Ubweya wa nkhosa ngwopotanapotana, motero umasunga mpweya wambiri, ndipo umamwa chinyezi osamveka kunyowa. Koma ukachapidwa m'madzi otentha nkufikisidwa, umagwirana nkufupika, juzi ya bambo nkusanduka ya mwana. Thonje silitentha kwambiri, koma limachapika bwino ndipo siliyabwa pakhungu. Ulusi wambiri womwe timagula m'masitolo nkumautcha wulu sudachoke pa nkhosa konse. Ndi acrylic, wopangidwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka. Ngwotsika mtengo, susuluka ndipo njenjete siiudya, koma ukakhudza moto umasungunuka nkumatirira pakhungu. Makolo amene ana awo amaothera moto kapena mbaula atavala juzi yotere akhale tcheru.

Singano ziwiri

Kuluka nkosiyana ndi kuwomba. Powomba pali magulu awiri a ulusi opingasana, koma poluka ulusi ndi umodzi wokha, wokolekedwa mwa iwo wokha kambirimbiri. Nchifukwa chake choluka chimatanuka ndi kukumbatira thupi, ndiponso nchifukwa chake sititchi imodzi ikathawa pa singano imatsika ndi mzere wonse. Luso limeneli lidafala kuno kudzera mwa akazi a amishoni ndi masisitere, kenaka m'magulu a amayi a m'mipingo monga Mvano, Chigwirizano ndi Umanyano, mwa alangizi a zapakhomo, ndiponso m'maphunziro a zosokasoka a m'sukulu za pulaimale. Amayi ambiri amene lero ali ndi zidzukulu adaphunzira kuluka ndi masipoko a njinga kapena timitengo tosongola, ulusi wake uli wophwasula ku juzi yakutha.

Kuluka kuli ndi masititchi awiri okha, ya kumaso ndi ya kumbuyo. Zokongola zonse timaziona pa majuzi, kaya mizere ya m'khosi ndi m'mikono, kaya zopotana ngati chingwe, zimachokera m'kasakanizidwe ka awiriwa. Woluka wanzeru asadayambe chovala amaluka kaye kachigamba koyesera nkuwerenga masititchi amene akwana pa masentimita 10. Ndi ulusi wapakatikati ndi singano za mamilimita anayi, kawirikawiri amakwana 22. Tsono mutu wa khanda lobadwa pa nthawi yake umazungulira masentimita pafupifupi 35. Popeza choluka chimatanuka, kachipewa kake kangakhale ka masentimita 33, ndipo masamu ake akutipatsa masititchi pafupifupi 72. Manja a anthu amasiyana, wina amathinitsa wina amamasula, ndipo amene anyozera kachigamba koyesera amaluka chipewa cha khanda chomwe chimakakwana agogo.

Ulusi ukadula mtengo, juzi ya pakaunjika yong'ambika m'zigongono ingathe kuphwasulidwa. Ulusi wake umatuluka wokhotakhota, koma mukaukulunga momasuka pa msana wa mpando, nkuumanga m'malo angapo, nkuunyika m'madzi ofunda ndi kuuyanika pamthunzi, umawongoka nkukhala ngati watsopano. Zotsalatsala za mitundu yosiyana zimalukidwa m'timabwalo ta ngodya zinayi tomwe tikalumikizidwa timapanga chofunda cha mwana.

Apanso anyamata asabisale. Pa chilumba cha Taquile, m'nyanja ya Titicaca ku Peru, oluka ndi singano ndi amuna, ndipo mnyamata amaphunzira kuluka chipewa chake akadali wamng'ono. Luso la nsalu la anthu a pachilumbachi lidalemekezedwa ndi bungwe la UNESCO m'chaka cha 2005.

Kachipewa kopulumutsa moyo

Wina angafunse kuti kodi zonsezi si zongotayitsa nthawi anthu opeza bwino? Yankho lili m'zipatala zathu. Dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko amene ana ambiri amabadwa masiku asadakwane, ndiye kuti asadathe masabata 37 m'mimba, kapena amabadwa osakwana makilogalamu awiri ndi theka. Mdani wamkulu wa khanda lotere ndi kuzizira. Thupi lake lilibe mafuta okwanira, ndipo mutu wake, womwe ngwaukulu poyerekeza ndi thupi, umataya kutentha kwambiri.

M'chaka cha 1978 dokotala Edgar Rey wa ku Bogotá, m'dziko la Colombia, ataona kuti makina ofunditsira makanda ngochepa, adayambitsa njira yoti mayi aziika khanda pachifuwa pake, khungu kukhudza khungu, nkulimanga ndi nsalu usana ndi usiku. Njirayi imatchedwa ya kangaroo, ndipo kuno kwathu idayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba m'chaka cha 1999 isadafalikire m'zipatala zina. Khanda losamalidwa motere limavala thewera, timasokosi ndi kachipewa basi, chifukwa thupi lonse likufunda ndi mayi wake koma mutu uli pamtunda. Kachipewa kameneka woluka wozolowera amakatsiriza madzulo amodzi kapena awiri, ndi ulusi wochepa kwambiri. Mayi amene wachira mwadzidzidzi miyezi isadakwane, ali kutali ndi kwawo, nthawi zambiri amakhala asadakonze kanthu. Kalasi limodzi la ana 40, aliyense ataluka kachipewa kamodzi pa teremu, lingathe kufikira makanda 120 pa chaka. Ofuna kutero ayambe akafunsa anamwino a chipatala cha kwawo za kukula koyenera ndi kachapidwe kake, pakuti safunsa adadya phula.

Kupatsa nkuika

Chofunda chili ndi malo akeake m'miyambo yathu. Amuna amene ankabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi ku Halale sankalephera kutsitsa bulangete la amayi awo m'bokosi. Mwana akalandira malipiro ake oyamba, ambiri amayembekeza kuti akumbuka makolo ndi bulangete. Khanda likatuluka m'chikuta timakaliona ndi kansalu m'manja, ndipo munthu akatisiya timamufunditsa tisadamuperekeze. Kuyambira pobadwa mpaka pomwalira, kufunditsa munthu ndi njira yathu yonenera kuti ndi wathu.

Tsono mphatso yopangidwa ndi manja imanenanso china choposa pamenepo. Woluka juzi ya mlongo wake ayenera kudziwa kutalika kwa mikono yake, mtundu womwe amaukonda, ndi kuti ubweya umamuyabwa kapena ayi. Masabata atatu kapena anayi amene juziyo ili pa singano, wolukayo amakhala akumuganizira mwini wake madzulo aliwonse. Wolandira amadziwa zimenezi ngakhale asauzidwe. Nchifukwa chake shawelo yolukidwa ndi agogo imabereka mwana woyamba, wachiwiri ndi wachitatu, nkusungidwabe m'sutikesi itatha kale ntchito, pamene yogula imasanduka chopukutira pansi popanda wodandaula.

Pali malangizo ochepa kwa opatsa. Yambani msanga, chifukwa juzi ya mwezi wa Juni imayambidwa mvula isadathe. Ya mwana ilukeni yokulirapo, pakuti mwana sadikira singano. Kwa mayi wa ana aang'ono sankhani ulusi wochapika mosavuta, ndipo muuzeni kachapidwe kake: madzi ozizira, osapotokola, ndi kuyanika chogoneka pa mphasa kuti chovala chisatalike. Pa zovala za makanda pewani mabatani osalimba ndi zingwe zazitali za m'khosi. Olandira nawonso adziwe kuti kuthokoza kwenikweni ndi kuvala chovalacho wopatsayo akuona.

Kwa otsiriza sukulu ndi aphunzitsi awo

Tisanamizane pa nkhani ya ndalama. Munthu wowomba ndi manja sangapikisane ndi fakitale kapena kaunjika pa mtengo. Mukawerengera ulusi wa makilomita atatu uja ndi masiku amene mwakhala pa chowombera, gombeza lanu lidzadula kuposa la pamsika, ndipo amene angayambe ntchitoyi ndi chiyembekezo cholemera mwezi umodzi adzakhumudwa. Phindu la wamanja lili pa zinthu zomwe makina a kutali sangachite: juzi ya yunifomu ya mtundu weniweni wa sukulu ya m'dera lanu, chovala choyezedwa pa thupi la mwini wake, choyala cha kukula komwe wogula wafuna, kukonza chong'ambika, ndi katundu wokhala ndi dzina la malo ake amene alendo ndi mahotela amafuna.

Mayiko ena adaizindikira nzeru imeneyi. Ku zilumba za Outer Hebrides ku Scotland kuli nsalu yotchedwa Harris Tweed, yomwe lamulo la m'chaka cha 1993 limati siingatchedwe dzinalo pokhapokha itawombedwa ndi manja, pakhomo pa wowombayo, pa zilumba zomwezo. Nsaluyi imagulidwa pa mtengo wokwera m'mayiko ambiri chifukwa wogula amadziwa komwe yachokera. Ku Teyateyaneng, m'dziko la Lesotho, amayi amawomba nsalu zokongoletsa khoma ndi ubweya wa mbuzi za m'mapiri mwawo. Ku India, Mahatma Gandhi adalimbikitsa anthu ake kupota ndi kuvala nsalu yawoyawo yotchedwa khadi, ndipo nsaluyo ikugulitsidwabe. Onsewa adayamba ndi chomwe nthaka yawo imabala, ndipo yathu imabala thonje.

Wotsiriza sukulu amene akudikira ntchito kapena malo ku koleji angathe kuyamba ndi singano ziwiri ndi mpira umodzi wa ulusi, mphunzitsi wake nkukhala azakhali ake kapena mayi wina wa pamudzi pomwepo. Alembe m'kope mtengo wa ulusi, maola amene wagwira ndi mtengo womwe wagulitsira, kuti adziwe ngati akupindula kapena akungotopa. Akafuna kupitirira apo, akafunse ku maofesi a TEVETA kapena ku sukulu ya ntchito zamanja ya m'boma lake za maphunziro amene alipo. Ngakhale atadzapeza ntchito ya muofesi, lusolo silidzamulemera kunyamula.

Kwa ife aphunzitsi, chowombera chophunzitsira sichifuna thumba la sukulu. Matabwa anayi okhomedwa ngati felemu ya zenera, ndi misomali yondanda m'mwamba ndi m'munsi motalikirana theka la sentimita, nzokwanira. Ngakhale katoni yolimba yochekedwa mano m'mbali imagwira ntchito. Pa chipangizo chimenechi mphunzitsi wa masamu angaphunzitse miyeso ndi magawo, wa sayansi angaonetse chifukwa chake mpweya wotsekeredwa umasunga kutentha ndi m'mene makoko a anyezi amasinthira mtundu wa ulusi, ndipo wa mbiri yakale angafotokoze za malonda a machila ana atagwira ulusi m'manja. Aphunzitsi a ku Chikwawa ndi Nsanje ali ndi udindo wina wapadera. Atume ana kwa okalamba a m'midzi yawo kukafunsa zomwe adamva kwa makolo awo za kupota ndi kuwomba, mayina a zipangizo ndi a mitengo yonyikira nsalu, ndipo zonsezo zilembedwe m'Chichewa. Mawu ngati muyalo, mtsendero ndi njinga adapulumuka chifukwa wina adawalemba, ndipo alipo ena amene akudikira wowalemba eni ake akadali moyo.

Sabata yamawa tidzapitiriza nkhani zathu za ntchito zamanja poona kaluka ka mikeka, malichero ndi madengu, ndi m'mene mlaza ndi nsungwi ziyenera kudulidwira kuti zisathe m'madambo ndi m'mapiri mwathu.